Kalata yotseguka kwa nduna ndi akazembe: zomwe ndinapeza m'sutikesi ya malemu amayi anga

Kwa Olemekezeka nduna zoona za ntchito, nduna zoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, komanso akazembe, a mayiko amene anthu awo amapita kukagwira ntchito kunja ndi a mayiko amene amawalandira,

Ndikukupatsani moni nonse mwaulemu, ndipo ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi akubanja kwanu. Mabanja anu ndawatchula dala, chifukwa nkhani yomwe ndabwera nayo ndi ya banja. Ine ndine mwana woyamba wa mayi amene anagwira ntchito ya pakhomo m'dziko la eni kwa zaka 26, n'kumwalira konko chaka chatha. Dzina lawo sinditchula, dzikolo sinditchula, ngakhalenso makomo omwe anagwirako. Amayi anga sankafuna kuchititsa munthu manyazi pagulu, ndipo ine sindiyamba lero m'dzina lawo. Komanso ndikatchula dziko limodzi, enanu mupumira m'mwamba n'kumati nkhaniyi si yanu.

Chandigwiritsa cholembera ndi kalata yomwe tinalandira mwezi watha kuchokera ku ofesi ina ya penshoni, titadikira miyezi 11. Akuti ndalama zomwe ankadula pa malipiro a amayi kwa zaka 14 sangazitumize kunja kwa dzikolo, popeza palibe pangano pakati pa dziko lawo ndi lathu. Kalata yonse ndi mizere isanu ndi umodzi basi. Ndinaiwerenga kawiri, n'kukaiika m'sutikesi ya amayi, momwe muli anzake.

Sutikesiyo inatipeza patatha mwezi titaika maliro. Ndinkayembekezera zovala. Zinalimodi, koma zochepa, ndipo zina ndinazizindikira kuti ndi zomwe zija za pa zithunzi zakalekale. Theka lonse linali mapepala omangidwa m'timitolo, chaka ndi chaka. Amayi sanapite patali ndi sukulu, koma pepala lililonse lokhala ndi chidindo ankalisamala ngati dzira. Choncho sindikubwera kwa inu ndi mphekesera. Mundilole ndimasule timitoloto pamaso panu.

Pamwamba panali mapasipoti atatu. Yoyambayo ili ndi chidindo cha tsiku lomwe analowa m'dzikolo, kenako kwa zaka 6 masamba ndi oyera mbee. Tili ana tinkayesa kuti amayi sakubwera chifukwa ndege ndi yodula. Zenizeni tinadzazimva titakula, ndipo tinamvera kwa anzawo, osati kwa iwo. Pasipotiyo bwana wawo anawalanda tsiku lomwe anafika, ati kuopa kuti ingasowe. Malipiro a miyezi isanu yoyambirira anathera kwa ejenti amene anawapezera ntchito. Tsiku lopuma analibe, ndipo kutuluka pageti kunali kopempha.

Olemekezeka, kuti zimenezi n'zolakwika simufunika kumva kwa ine, chifukwa munalemba nokha. Pa 16 Juni 2011 ku Geneva, bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linakhazikitsa Pangano nambala 189 lokhudza antchito a pakhomo. Ndime 8 imati wochokera kunja alandire kontirakiti yolembedwa asanadutse malire. Ndime 9 imati pasipoti ndi ziphaso zake azisunga yekha. Ndime 10 imati sabata iliyonse apume maola 24 otsatizana. Ndime 15 imati ndalama za ejenti zisadulidwe pa malipiro ake. Ndikamawerenga ndimezi ndimakhala ngati olembawo anakhalapo m'khitchini momwe amayi ankagona. Dziko la Uruguay linayamba kulivomereza mu 2012, kenako Philippines. Koma mpaka lero, mwa mayiko 187 a m'bungweli, amene alivomereza sanakwane ndi 50 omwe. Pomwe bungwe lomwelo linati mu 2021 antchito a pakhomo padziko lonse ndi 75.6 miliyoni, ndipo atatu mwa anayi aliwonse ndi amayi.

M'mayiko a ku Gulf, ku Lebanon ndi ku Jordan muli dongosolo lotchedwa kafala, lomwe limamangirira chilolezo cha wantchito kwa bwana wake. Bwana akakhala wankhanza, kumuchokera kumasanduka mlandu wa wantchitoyo. Mayiko ena ayamba kulifewetsa, monga Qatar mu 2020, ndipo zimenezo n'zoyamikika. Koma chaka chomwecho, chuma cha Lebanon chitagwa, mabwana ena anangotenga antchito awo a ku Ethiopia n'kukawatula pakhomo pa ofesi ya kazembe wa dziko lawo ku Beirut, ndi zikwama zawo, opanda malipiro. Anagona panja. Aliyense mwa amayi amenewo anali ndi anthu kwawo amene ankadikira foni.

Mtolo waukulu kwambiri ndi wa malisiti otumizira ndalama. Ndinayamba kuwawerenga koma ndinalekera panjira, maso atadzaza misozi. Kuchokera pamene anayamba kulandira malipiro m'manja mwawo, palibe mwezi umene anadumphitsa, ngakhale mwezi umene anachitidwa opaleshoni. Kuseri kwa lisiti lililonse analembako ntchito ya ndalamazo: fizi ya uyu, mankhwala a agogo, kukonza denga, mayeso a uja. Sindinapeze ndi limodzi lomwe lolembedwa kuti "zanga".

Pakati pa malisitiwo panali mapepala ena amene anandikhazika pansi. Chaka chilichonse amayi ankatiuza kuti aliyense aponde papepala, agogo azungulize phazilo ndi pensulo, ndiye titumize pa positi kuti akatigulire nsapato zotikwana. Ife tinkaseka, tinkaona ngati masewera. Kumene iwo onse anasunga. Mapazi anga alipo kuyambira ndili ndi zaka 9. Alipo a mng'ono wanga, ndi a mlongo wathu wotsiriza amene anamusiya ali ndi zaka ziwiri, bambo atangomwalira kumene. Mukawasanja patebulo mumaona phazi likutalika pang'onopang'ono, mpaka pepala kuchepa. Ana awo anawaona akukula motero.

Nthawi yomweyo anali akulera ana a eni, asanu ndi awiri onse pamodzi m'makomo atatu. Ankadziwa amene amaopa mdima, amene sagona asanaimbidwe nyimbo, amene thupi lake limadana ndi mankhwala akutiakuti. Ndiulule kuti ndili mtsikana ndinkawachitira nsanje ana amenewo, ndipo tsiku lina pafoni ndinawauza amayi mawu oti sindingawabwereze pano. Anangokhala chete kwa kanthawi, kenako anafunsa ngati ndadya. Lamlungu lililonse madzulo ankaimba foni. Ankatizindikira ndi kupuma kokha tisanayankhule, ndipo ukanama kuti uli bwino ankati, "Mpatse foni mng'ono wakoyo andiuze zoona." Analanga, analangiza, anayanjanitsa abale okangana, anakonza ukwati wanga, zonsezo ali kutsidya lina la nyanja, ataima pakona pa chipinda cha eni ndi mawu otsitsa kuti asadzutse mwana.

Koma pa lisiti lililonse pali mzere wina waung'ono, wa ndalama yodulidwa potumiza. Banki Yaikulu Padziko Lonse imanena kuti munthu akamatumiza madola 200, pa madola 100 aliwonse amadulidwa pafupifupi madola 6, ndipo zikamapita kumayiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara amadulidwa pafupifupi 8, kuposa chigawo china chilichonse. Mu 2015 mayiko onse a m'bungwe la United Nations analonjeza kuti pofika 2030 mtengowu udzatsika kufika pansi pa madola 3 pa 100 aliwonse. Zaka zatsala zowerengeka pa zala za dzanja limodzi. Ndalama zomwe anthu ogwira ntchito kunja anatumiza kumayiko osauka ndi ongotukuka kumene mu 2023 zinaposa madola 600 biliyoni, kuposa thandizo lonse lomwe mayiko olemera amapereka. Enanu mumazitchula monyadira mukamalankhula za chuma cha dziko. Ndikukupemphani kuti mukamazitchula muzikumbukira kuti zimachokera m'manja osuwa ndi sopo, ndipo amene amadulidwa kwambiri ndi amene amatumiza zochepa koma pafupipafupi.

Kamtolo kachitatu n'kakang'ono, koma ndi komwe kamandisowetsa tulo. Muli makalata anayi okana viza. Atatu ndi a mlongo wanga. Amayi anayesa katatu kuti amutenge akadali mwana. Ulendo woyamba anawauza kuti malipiro awo ndi ochepa moti sangasunge mwana. Wachiwiri anati chipinda chomwe amagona si chawo. Wachitatu anati mnyamatayo wakula kale. Tangoganizani, dziko lomwe linalola kuti azilandira malipiro amenewo ndi kugona m'chipinda chimenecho ndi lomwenso linawakanira mwana chifukwa cha malipiro ndi chipinda chomwecho. Pangano la ufulu wa ana la mu 1989, lomwe pafupifupi dziko lililonse linalivomereza, limati pa ndime 10 pempho loti kholo ndi mwana akhale pamodzi liziyankhidwa mokomera, mwaumunthu ndiponso mwachangu. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Munafuna manja oti asambitse ana anu ndi kutembenuza makolo anu okalamba pabedi. Manjawo anali ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo anali ndi ana atatu.

Kalata yachinayi ndi yanga. Amayi atagonekedwa m'chipatala, dokotala analemba kalata yoti abale abwere msanga. Ndinapereka kalatayo, ya abwana anga kuntchito, ziphaso za kubadwa kwa ana anga, zonse. Yankho linatuluka patatha masabata asanu ndi limodzi, lakuti sakukhutira kuti ndidzabwerera kwathu. Amayi anali atamwalira kale masiku 9 yankholo lisanafike. Tinatsanzikana pafoni yomwe namwino wina anawagwirizira pakhutu, nthawi yake yoweruka itadutsa. Namwinoyo sindimudziwa nkhope, koma ndimamupempherera.

Apa ndinene chilungamo. Banja lomaliza lomwe amayi anagwirako linali la anthu abwino. Ndi iwo amene anawalembetsa ku penshoni, ankawapatsa tchuthi, ndipo ana awo analira pamaliro ngati ife tomwe. Sindikuti aliyense wolemba ntchito mlendo ndi woipa, ayi. Dandaulo langa n'loti zabwino zimene amayi anaona m'zaka zawo zomaliza zinachokera mumtima mwa banja limodzi, osati m'lamulo. Akanagwera khomo lina, akanathera momwe anayambira.

Mapemiti okha ndi mtolo pawokha. Zaka ziwiri zilizonse ankayenera kukonzetsa, ndipo nthawi ikamayandikira mawu awo pafoni ankasintha. Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mame ake ndi ati okhala zaka 26? Anaphunzira chiyankhulo, anapereka msonkho, sanalowepo m'chitokosi ndi tsiku limodzi lomwe, koma anamwalira akadali wongoyembekezera. Tsopano ndikumvetsa chifukwa chake ankasunga kapepala kalikonse. Mu 2018 ku Britain kunaphulika nkhani ya Windrush. Anthu ochokera kuzilumba za Caribbean amene anafika m'dzikolo movomerezeka kuyambira mu 1948, ambiri ali ana, anauzidwa atakalamba kuti aonetse umboni woti ali ndi ufulu wokhalamo. Makadi olembera kufika kwawo boma lomwelo linali litawawononga mu 2010. Ena anachotsedwa ntchito, ena anakanizidwa thandizo kuchipatala, ena anathamangitsidwa m'dziko, mpaka nduna Amber Rudd inatula pansi udindo mu Epulo chaka chomwecho. Mlendo amadziwa kuti boma likataya pepala, wolakwa amakhala iye.

Tsopano nditembenukire kwa inu akazembe a mayiko athu, poti chala sichiloza kumodzi kokha. Thupi la amayi linakhala m'nyumba ya chisoni masabata asanu. Pangano la ku Vienna la mu 1963 limati pa ndime 37 munthu wa dziko lina akamwalira, ofesi ya kazembe wa kwawo idziwitsidwe mosachedwa. Anadziwitsidwadi. Koma foni ya kuofesiko inkangolira osayankhidwa, ndipo titapeza munthu anatiuza kuti wosayina ali patchuthi. Thandizo la ndalama anati palibe. Amene anabweretsa amayi kunyumba ndi amayi anzawo a ntchito za pakhomo, amene anasonkherana pa tsiku lawo lopuma. Mndandanda wa osonkhawo ulinso m'sutikesimo. Ena anapereka malipiro a tsiku lonse, pamene nawonso ali ndi malisiti awoawo oti adzaze mwezi ukatha.

Pangano la United Nations loteteza ogwira ntchito kunja ndi mabanja awo, la pa 18 Disembala 1990, lili ndi ndime 71 yonena za kuthandiza kubweza kwawo matupi a omwalira ndi kufulumizitsa chipepeso. N'chifukwa cha panganoli kuti 18 Disembala ndi tsiku lokumbukira anthu osamukira kumayiko ena. Patsikuli mumalankhula mawu okoma. Koma palibe dziko ndi limodzi lomwe la m'bungwe la European Union lomwe linalivomereza, ngakhale United States, Canada kapena mayiko a ku Gulf. Ambiri amene analivomereza ndi mayiko omwe anthu amachokako.

Ndabwereranso pa kalata ya mizere isanu ndi umodzi ija. Mu Disembala 2018 ku Marrakech mayiko ambiri anagwirizana mfundo 23 zokhudza kusamuka kwa anthu, ndipo mfundo 22 imanena ndendende za nkhani yathuyi, yoti penshoni ndi zina zomwe munthu wagwirira ntchito zizimutsata akadutsa malire. Vuto ndi loti mgwirizanowo sumanga munthu. Zimatengera nduna ziwiri kukhala pansi n'kusayina. Ndikudziwa kuti zinthu zimatheka kusintha. Ku South Africa, mayi wina wantchito ya pakhomo anamira m'dziwe losambiramo la abwana ake mu 2012, atawagwirira ntchito zaka 22. Mwana wake anakanizidwa chipepeso chifukwa lamulo silinkawerengera antchito a pakhomo. Anapita kukhoti, ndipo mu Novembala 2020 bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti kuwapatula kumeneko n'kuphwanya malamulo. Zinamutengera zaka 8, ali nzika, m'dziko lake lomwe. Nanga mwana wa mlendo, amene ngakhale viza yokaonera mayi ake akudwala anamukaniza, akayambira khomo liti?

Choncho, Olemekezeka, ndikupempha izi:

1. Vomerezani Pangano nambala 189 la ILO ndi pangano la mu 1990, ndipo muwalowetse m'malamulo a ntchito a mayiko anu, kuti wantchito wa pakhomo aziwerengedwa ngati wantchito wina aliyense.

2. Kulanda pasipoti ya wantchito kukhale mlandu wokhala ndi chilango chenicheni. Chilolezo chogwirira ntchito chikhale cha munthuyo, osati cha bwana wake, kuti akachoka pakhomo pankhanza asasanduke wothawa. Ndalama za ejenti azilipira wolemba ntchito.

3. Pakhale viza ya mwadzidzidzi ya matenda akayakaya ndi maliro, yoyankhidwa m'masiku atatu dokotala akalemba kalata. Ngati mukuopa kuti sitibwerera, tipatseni masiku owerengeka, tisayine. Koma musatiyankhe munthu atapita kale.

4. Kholo lomwe lagwira ntchito movomerezeka kwa zaka zingapo liloledwe kutenga ana ake akadali ana, ndipo musaliyeze ndi muyeso wa malipiro womwe ntchito yomwe munaliloleza singaufikire. Amene wakhala zaka zambiri apatsidwe chilolezo chokhazikika.

5. Nduna za mbali zonse ziwiri, sayinani mapangano a penshoni. Pamene mukukambirana, bwezerani olowa m'malo mwa omwalira ndalama zomwe zinadulidwa. Zimenezo si mphatso, ndi malipiro.

6. Tsitsani mtengo wotumizira ndalama monga munalonjezera mu 2015, ndipo chaka chilichonse muzilengeza poyera pomwe mwafika.

7. Akazembe athu, pakhale nambala ya foni yoyankhidwa usana ndi usiku, munthu wosayina mapepala a maliro ngakhale wina ali patchuthi, ndi thumba la ndalama zobwezera matupi kunyumba. Muzipitanso komwe amayiwa amakumana pa tsiku lawo lopuma n'kukalemba mayina awo akadali moyo.

Inu amene mukuwerenga kalatayi ngakhale simunalemberedwe, ngati muli ndi mayi, azakhali kapena mchemwali kunja, mufunseni lero kuti pasipoti yake ili m'manja mwa yani, ndiponso ngati amadulidwa za penshoni. Mumuuze kuti ajambule mapepala ake onse pafoni akutumizireni. Kalatayi muitumize kwa phungu wa dera lanu.

Ofesi ya penshoni ija ndaiyankha sabata yatha, kupempha kuti aiunikenso nkhaniyi. Ndaphatikizapo mapepala onse 168 a malipiro, mwezi ndi mwezi, monga momwe amayi anawasanjira. Ndalamazo zikadzabwera, tinagwirizana atatufe kuti gawo loyamba lidzabwerera kwa amayi aja a pamndandanda, aliyense monga anaperekera. Awiri mwa iwo pemiti yawo ikutha chaka chino.

Ndine wanu mwaulemu,
Mwana woyamba wa malemu